Mankhwala a matenda a maganizo: mmene amagwirira ntchito ndi chifukwa chake safuna phuma

Munthu akapezeka ndi malungo amalandira LA, amamwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, ndipo nthawi zambiri pomaliza mankhwalawo thupi limakhala litapepuka. Mutu ukawawa timamwa panado, ndipo pakatha ola limodzi timakhala tabwerera ku ntchito zathu. Zimenezi zinatizoloweretsa kuyeza mphamvu ya mankhwala ndi changu chake, moti mankhwala amene sanasonyeze kanthu pakatha sabata timawaweruza kuti ndi opanda ntchito, kapena timangoti sakugwirizana ndi magazi athu. Muyeso umenewu ndi umene umasokeretsa anthu ambiri akayamba kumwa mankhwala a matenda a maganizo, chifukwa pa mankhwala amenewa zovuta zake ndizo zimayamba kuonekera, phindu limabwera mochedwa, ndipo ochepa amene amagwira ntchito pompopompo ndi omwenso amafuna kusamala nawo kwambiri.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka kuposa mmene timaganizira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali ndi vuto lina la maganizo, zomwe ndi anthu pafupifupi 970 miliyoni. Mwa iwo, 301 miliyoni ankavutika ndi matenda a nkhawa, 280 miliyoni anali ndi matenda a kukhumudwa kosatha amene madokotala amawatcha depression, ndipo 40 miliyoni anali ndi matenda a bipolar, osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kuthamanga kwa maganizo. Matenda a schizophrenia, omwe ndi amene ambiri amawaganizira akamva mawu oti misala, amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300. Kwathu kuno mawu amodzi oti misala amaphimba zonsezi, n'chifukwa chake anthu amaganizanso kuti mankhwala ake ndi amodzi okha, aja amene amati amamusiya munthu atayasama kukamwa dovu likuchucha. Chikhalirecho magulu ake ndi anayi kapena kuposerapo, ndipo gulu lililonse lili ndi ntchito yake, zovuta zake ndi nthawi yake.

Mankhwala oyamba a m'magulu amenewa anatulukira m'zaka 15 zokha. Kale kwambiri chithandizo chinali kutsekera wodwala basi, ndipo n'zodziwika kuti ngakhale ku Zomba malo osungira odwala otere anayambira m'mbali mwa ndende, mu 1910. Mu 1949 dokotala wa ku Australia, John Cade, anaona kuti mchere wa lithium umakhazika pansi odwala amene maganizo awo athamanga mopitirira. Mu 1952 Jean Delay ndi Pierre Deniker, pa chipatala cha Sainte-Anne ku Paris, anayamba kupereka chlorpromazine kwa odwala osokonezeka mutu, mankhwala amene poyamba ankayesedwa pa anthu okachitidwa opaleshoni. Mu 1957 Roland Kuhn wa ku Switzerland analengeza kuti imipramine amadzutsa anthu okhumudwa kwambiri. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958 ndi gulu la Paul Janssen, ndipo diazepam anafika pamsika mu 1963 ndi dzina loti Valium. Chofunika kuchimvetsa pa mbiri imeneyi n'chakuti ambiri mwa mankhwalawa anapezeka mwamwayi. Madokotala anayamba aona kuti odwala akupeza bwino, kenako ndi pamene asayansi anayamba kufufuza chimene chikuchitika mu ubongo, ndipo kufufuzako kukupitirirabe mpaka lero.

Zimene zikudziwika n'zakuti maselo a mu ubongo sakhudzana kwenikweni. Pakati pa selo ndi selo linzake pamakhala kampata kakang'ono zedi, ndipo uthenga umawoloka kampatako kudzera mu timadzi timene selo limodzi limatulutsa, linalo n'kulandira. Timadzi totchuka pa nkhani yathuyi ndi serotonin, noradrenaline, dopamine ndi GABA. Mankhwala ena amachititsa kuti timadzito tikhalitse pa kampatako, ena amatseka malo olandirira uthengawo, ndipo ena amawonjezera mphamvu ya uthenga wouza ubongo kuti udekhe.

Mankhwala a kukhumudwa

Munthu wodwala depression kawirikawiri safika kuchipatala n'kunena kuti wakhumudwa. Amadandaula kuti mutu ukutentha, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, tulo sakulipeza, chakudya sichikulowa, ndipo akafunsidwa bwino amavomera kuti akuganiza kwambiri. Ambiri amakhala atayezedwa malungo kangapo osapezeka nawo. Madokotala amaganizira matendawa ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu wakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene ankasangalala nazo zasiya kumukoka, ndipo akulephera kugwira ntchito zake za masiku onse.

M'zipatala za m'Malawi mankhwala awiri amene amapezeka kawirikawiri ndi amitriptyline, yemwe ndi wakale, ndi fluoxetine, amene anavomerezedwa ku America mu 1987 n'kutchuka ndi dzina loti Prozac. Fluoxetine amaletsa selo kuyamwanso serotonin amene latulutsa, pamene amitriptyline amachita zomwezo pa serotonin ndi noradrenaline yemwe, koma amakhudzanso malo ena ambiri m'thupi, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera zovuta zake. Chodabwitsa n'chakuti kusintha kwa timadzi timeneti kumachitika m'maola ochepa chabe, koma mtima wa munthu umayamba kupepuka pakatha masabata 2 mpaka 4, ndipo dokotala amadikira masabata 4 mpaka 6 asananene kuti mankhwalawo alephera. Kuchedwa kumeneku kumasonyeza kuti chimene chimachiritsa ndi kusintha kwapang'onopang'ono kumene ubongo umachita pozolowera mankhwalawo.

Apa m'pofunika kunena chilungamo. Kwa zaka zambiri odwala ankauzidwa kuti depression imayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonin, ngati mmene shuga amayambira chifukwa cha vuto la insulin. Mu 2022 gulu lotsogoleredwa ndi Joanna Moncrieff wa ku London linaunika kafukufuku wa zaka zambiri n'kupeza kuti palibe umboni wokhazikika wotsimikiza zimenezo. Ena atamva nkhaniyi anathamangira kunena kuti ndiye kuti mankhwalawo ndi achinyengo, koma mfundo ziwirizi n'zosiyana. Panado amathetsa mutu ngakhale kuti mutuwo sunayambe chifukwa chosowa panado m'thupi. Umboni woti mankhwala a depression amathandiza unachokera ku kuyerekeza odwala amene anamwa mankhwala enieni ndi amene anamwa mapiritsi opanda kanthu. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza ntchito ya Andrea Cipriani ndi anzake, amene anasonkhanitsa kafukufuku 522 wokhudza anthu oposa 116,000, ndipo mankhwala onse 21 amene anawaunika anaposa mapiritsi opanda kanthu aja, amitriptyline ali m'gulu la amphamvu kwambiri. Komabe kusiyanako, tikatengera anthu onse pamodzi, sikunali kwakukulu. Alipo amene mankhwalawa amawadzutsa pamphasa, alipo amene amathandizidwa pang'ono, ndipo alipo amene amafunika kusinthiridwa mankhwala ena.

N'chifukwa chake malangizo a WHO salimbikitsa kuthamangira mapiritsi ngati matendawa ndi ochepa mphamvu. Uphungu wochitidwa mwaluso umathandiza ambiri. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kuthandiza odwala kumasula mavuto awo limodzi ndi limodzi, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsadi zizindikiro za matendawa. Mapiritsi amafunika kwambiri pamene munthu wasiya kudya, sakudzuka, sakutha kusamalira ana, kapena wayamba kuganiza zoti kuli bwino kufa.

Tiyerekeze mayi wa kumudzi amene wapatsidwa amitriptyline. Wamwa piritsi loyamba usiku pogona, ndipo m'mamawa, nthawi imene amadzukira kukatunga madzi asanapite kumunda, akupeza mutu uli wolemera ngati wasenza mtolo. Akudzuka pamphasa mofulumira monga mwa masiku onse, m'maso mukuchita mdima, akugwira khoma. Kukamwa kwauma gwa, ndipo pakutha masiku angapo wayamba kudzimbidwa. Pofika tsiku lakhumi mtima sunasinthe, koma zovuta zawonjezeka, ndipo apongozi akumuuza kuti mankhwala amenewo amupundula. Mayiyo akuwasiya, kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti ayambe kuona phindu. Akanauzidwa pa tsiku loyamba kuti amwe mankhwalawo kukangoda osati pakati pa usiku, kuti podzuka ayambe wakhala tsonga kwa kanthawi, kuti azimwa madzi ambiri, ndiponso kuti zambiri mwa zovutazi zimachepa thupi likazolowera, mwina akanapirira. Ine ndimaona kuti mphindi zisanu zofotokozera wodwala zimenezi ndi mbali ya mankhwalawo, ndipo zikasowa ndiye kuti wodwalayo walandira theka la chithandizo.

Amitriptyline saperekedwa mwachisawawa kwa munthu wa vuto la mtima kapena kwa okalamba, makamaka abambo amene amavutika kale pokodza. Ndi woopsanso kwambiri munthu akamwa wopitirira mlingo, choncho ngati wodwala ali ndi maganizo ofuna kudzipha amapatsidwa mapiritsi a masiku ochepa, ndipo wachibale wodalirika ndiye amasunga. Fluoxetine amamwedwa m'mawa chifukwa amatha kusowetsa tulo, ndipo masiku oyamba amabweretsa nseru, mutu kapena kusakhazikika. Vuto limene odwala amachita nalo manyazi kulitchula ndi kuchepa kwa chilakolako cha m'banja kapena kuchedwa kumaliza, ndipo ambiri amangosiya mankhwala mwakachetechete m'malo mofotokoza, pamene dokotala akanatha kusintha mlingo kapena mtundu. Kwa achinyamata osakwana zaka 25, masabata oyamba amafuna kuwayang'anitsitsa, pakuti mwa ena maganizo ofuna kudzivulaza amakula asanayambe kuchepa. Ku America chenjezo limeneli linalembedwa pa mankhwalawa mu 2004 lokhudza ana, ndipo mu 2007 linawonjezedwa kuti likhudzenso achinyamata akuluakulu.

Munthu akapeza bwino amayenera kupitiriza kumwa kwa miyezi 6 mpaka 12, chifukwa kusiya msanga kumabweza matenda. Mankhwalawa sachititsa chibaba ngati fodya kapena mowa, koma thupi limawazolowera, moti kuwasiya mwadzidzidzi kumatha kuyambitsa chizungulire, kukwiyakwiya, maloto oopsa ndi kumva ngati magetsi akugwira m'mutu. Njira yake ndi kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono mogwirizana ndi achipatala.

Diazepam ndi anzake

Diazepam ndi wosiyana ndi onsewa chifukwa amagwira ntchito ola lisanathe. Amawonjezera mphamvu ya GABA, timadzi touza ubongo kuti udekhe, ndipo munthu amene wakhala masiku osagona chifukwa cha nkhawa amagona tulo tofa nato. Apa ndi pamene pali msampha. Pakatha masabata ochepa thupi limazolowera, piritsi limodzi silikwananso, ndipo munthu akayesa kusiya nkhawa imabwerera ndi mphamvu zoposa poyamba, nthawi zina mpaka kukomoka ngati wa khunyu. N'chifukwa chake madokotala amaletsa kumwa mankhwalawa kopitirira masabata 2 mpaka 4. Akasakanizidwa ndi mowa amatha kufooketsa kapumidwe, ndipo okalamba amawagwetsa n'kuwathyola mafupa. Ntchito yake yoyenera ndi ya kanthawi kochepa, monga kuletsa kukomoka kumene sikukusiya, kukhazika pansi wodwala amene walusa, ndi kuteteza munthu amene wasiya mowa mwadzidzidzi atamwa kwa zaka zambiri, yemwe amapatsidwanso vitamini B1 woteteza ubongo. Nkhawa yokhalitsa imachizidwa ndi uphungu kapena ndi mankhwala omwe aja a depression monga fluoxetine, amene pa nkhawa amachedwanso chimodzimodzi.

Mankhwala a kusokonezeka mutu

Gulu limene lili ndi mbiri yoipa kwambiri pakati pa anthu ndi la chlorpromazine, amene ambiri amamudziwa kuti Largactil, haloperidol, risperidone, olanzapine ndi jakisoni wa fluphenazine wotchedwa Modecate. Amaperekedwa kwa munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, akukhulupirira zinthu zopanda umboni monga zoti anthu akumulondalonda kapena akumuthirira poizoni m'chakudya, kapena zolankhula zake sizikugwirizana. Asanapereke mankhwalawa wachipatala wosamala amayamba wafufuza ngati chasokoneza mutu si matenda a m'thupi, chifukwa malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga, HIV imene yafika mu ubongo, chamba ndi kusiya mowa mwadzidzidzi zonsezi zimatha kuoneka ngati misala, ndipo zina mwa izo zimapha m'masiku ochepa zikapanda kuchizidwa.

Mankhwala onse a m'gululi amatseka malo amene dopamine amalandiridwa. Kugonetsa ndi kukhazika pansi kumachitika tsiku lomwelo, koma mawu aja ndi zikhulupiriro zija zimazilala pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Achibale amasokonezeka m'njira ziwiri. Ena akaona wodwala wagona amati wachira n'kusiya kumupatsa mankhwala, pamene ena amaganiza kuti cholinga cha mankhwalawo n'kumugoneka tsiku lonse, moti akadzuka amamuwonjezera piritsi. Cholinga chenicheni ndi kupeza mlingo wochepetsetsa umene ungamulole munthu kulima, kuphunzira, kuchita geni ndi kucheza ndi anzake.

Vuto n'lakuti dopamine yemweyo ndi amene amayendetsa minofu. Mnyamata amene wabayidwa haloperidol lero akhoza kudzuka mawa khosi litapindikira mbali imodzi, maso atatembenukira kumwamba, lilime litatuluka, akulephera kulankhula koma akumva chilichonse. Kwa kholo limene silinachenjezedwe, chimenechi chimaoneka ngati ziwanda kapena kulodzedwa, ndipo ambiri amanyamula mwana wawo usiku womwewo kupita naye kwa asing'anga osadzabwereranso kuchipatala. Chikhalirecho ndi kukokana kwa minofu kobwera ndi mankhwala, kumene kumachitika kwambiri mwa anyamata m'masiku oyamba, ndipo kumatha msanga wodwala akapatsidwa benzhexol, amene ambiri amamutcha Artane, kapena mankhwala ena ofanana naye. Ena amauma thupi, kunjenjemera manja, kuyenda mokwekweza mapazi ndi kuchucha dovu, chomwe kawirikawiri ndi chizindikiro choti mlingo wakula. Enanso amalephera kukhala pansi, amangoyendayenda ngati miyendo ikuwayabwa m'kati. Chizindikiro chimenechi n'chonyenga kwambiri chifukwa chimaoneka ngati matenda akukula, ndipo mlingo ukawonjezedwa vutolo limakulirakulira.

Pali zovuta ziwiri zimene wachibale aliyense ayenera kuzidziwa. Choyamba chimabwera patapita miyezi kapena zaka: milomo, lilime ndi nsagwada zimayamba kuyenda zokha ngati munthu akutafuna kanthu. Chimenechi chimatha kukhala chosachoka, choncho chikangoyamba kuoneka n'kofunika kuuza achipatala kuti aunikenso mankhwalawo, ndipo Artane sathandiza pamenepa, amatha kuwonjezera vutolo. Chachiwiri chimachitika mwa apo ndi apo koma chimapha: thupi limatentha kwambiri, minofu imauma gwa, munthu amatuluka thukuta ndipo amasokonezeka kuposa kale. Poti kutentha thupi timangokuganizira malungo, n'kosavuta kutaya masiku tikumupatsa panado. Wodwala wotere amafunika kusiya mankhwalawo ndi kufika kuchipatala tsiku lomwelo.

Chlorpromazine amatsitsa BP munthu akaimirira, komanso amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, choncho wopita kumunda amafunika chipewa ndi malaya a manja aatali. Mankhwala atsopano monga risperidone, amene anavomerezedwa mu 1993, ndi olanzapine saumitsa thupi kwambiri, koma ali ndi mtengo wawo. Olanzapine amakulitsa njala ndi kunenepetsa, ndipo amawonjezera chiopsezo cha shuga, kotero kuti wodwala amafunika kukwera sikelo ndi kuyezedwa shuga ndi BP nthawi ndi nthawi. Risperidone amatha kuimitsa msambo ndi kutulutsa mkaka m'mawere mwa mayi wosayamwitsa, zimene zasokonezapo mabanja pamene mwamuna akuganiza kuti mkazi wake ali ndi pakati pa munthu wina. Kwa amene mankhwala awiri alephera pali clozapine, wamphamvu kuposa onse, koma amatha kupha maselo oyera a m'magazi. Anthu angapo atamwalira ku Finland mu 1975 mankhwalawa anachotsedwa m'maiko ambiri, ndipo anabwereranso ndi lamulo loti wodwala aziyezedwa magazi pafupipafupi, sabata iliyonse pa miyezi yoyamba.

Ndi zovuta zonsezi, munthu angafunse chifukwa chake madokotala amaumirirabe kuti mankhwalawa apitirizidwe. Yankho lili m'chiwerengero. Mu 2012 Stefan Leucht ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa odwala schizophrenia amene anali atapeza bwino, ndipo anapeza kuti pakutha chaka matenda anabwerera mwa anthu 27 pa 100 alionse amene anapitiriza mankhwala, poyerekeza ndi 64 pa 100 alionse amene anasinthiridwa ku mapiritsi opanda kanthu. Matenda akabwerera munthu amataya zambiri, monga sukulu, ntchito, banja ndi ulemu wake pamudzi, ndipo si zonse zimene zimabwereranso akachira. Pa kudwala koyamba mankhwala amapitirizidwa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo munthu atachira, ndipo amene wadwalapo kangapo amafunika kumwa kwa zaka zambiri. Kwa amene amaiwala kapena kutopa ndi mapiritsi, jakisoni wa pamwezi amathandiza kwambiri, popeza mankhwala ake amasungunulidwa m'mafuta ndipo amalowa m'magazi pang'onopang'ono kuchokera m'mnofu.

Mankhwala a bipolar, ndi kugundana kwa mankhwala

Munthu wa bipolar amakhala ndi nyengo za kukhumudwa kwakukulu ndi nyengo zina zimene maganizo amathamanga. Pa nyengo yachiwiriyi sagona koma satopa, amalankhula osapumira, amamwaza ndalama ndipo amadziona kuti ndi munthu wamkulu kwambiri. Kumupatsa fluoxetine kapena amitriptyline yekha kumatha kumukankhira ku nyengo yothamangayo, n'chifukwa chake wachipatala amafunsa mbiri imeneyi asanalembe mankhwala a depression.

Lithium uja wa John Cade akadali mankhwala odalirika kwambiri pa matendawa, ndipo pali umboni woti amachepetsa kudzipha. Chovuta chake n'chakuti mlingo wochiritsa ndi mlingo wovulaza zili pafupi kwambiri, moti wodwala amafunika kuyezedwa kuchuluka kwa lithium m'magazi, komanso impso ndi chithokomiro. Madzi akachepa m'thupi chifukwa cha kutsekula m'mimba, kusanza kapena thukuta la dzuwa la mu October, lithium amachuluka m'magazi, ndipo munthu amayamba kunjenjemera kwambiri, kudzandira ndi kulankhula ngati woledzera. Brufen, diclofenac ndi mankhwala ena a BP okodzetsa amachita chimodzimodzi. Kumene kuyeza magazi koteroko kuli kovuta, madokotala amadalira sodium valproate ndi carbamazepine, omwe mabanja ambiri amawadziwa kale ngati mankhwala a khunyu.

Awiriwa ali ndi nkhani zimene sizinenedwa mokwanira. Valproate amavulaza mwana wosabadwa: pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 amene mayi ake ankamwa mankhwalawa ali oyembekezera amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka, ndipo 3 kapena 4 mwa 10 amavutika pa kakulidwe ka nzeru. Choncho mtsikana kapena mayi amene angathe kutenga pakati sayenera kupatsidwa mankhwalawa pokhapokha ngati palibiretu ena, ndipo akapatsidwa akhale pa njira yodalirika yolerera. Carbamazepine naye amatha kuyambitsa zidzolo, ndipo zikatsagana ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa kapena kufiira maso, ndi ngozi yofuna kuthamangira kuchipatala. Koma khalidwe lake lobisika ndi lofulumizitsa chiwindi, kotero kuti mankhwala ena amatuluka m'thupi asanagwire ntchito. Mapiritsi olerera ndi implanti ya pamkono zimafooka, ndipo mayi amatha kutenga pakati ali pa kulera, pamene jakisoni wa Depo ndi lupu sizikhudzidwa motero. Dolutegravir, amene ali mu ma ARV omwe Amalawi ambiri akhala akumwa kuyambira 2019, naye amachepa m'magazi, ndipo mlingo wake umafunika kusinthidwa kuti kachilombo kasapeze mpata. Rifampicin wa TB amafooketsanso mankhwala angapo a maganizo m'njira yomweyo. Munthu amene amalandira mankhwala ku makiliniki awiri kapena atatu ayenera kuonetsetsa kuti aliyense womulembera mankhwala akudziwa zonse zimene akumwa, kuphatikizapo zitsamba.

Mayi amene wazindikira kuti ali ndi pakati ali pa mankhwala alionse a maganizo asawasiye yekha tsiku lomwelo, koma apite msanga kuchipatala. Matenda obwerera pa nthawi ya pakati kapena atangobereka amaika pangozi mayi ndi khanda lomwe, ndipo alipo mankhwala amene madokotala amawaona kuti ndi abwinopo pa nthawi imeneyi ndi poyamwitsa. Za mapemphero ndinene mwachidule kuti sindiona mkangano pakati pa kupemphera ndi kumwa mankhwala, ndipo odwala ambiri amalimba mtima chifukwa cha mpingo wawo. Choipa chimayamba pamene wodwala wauzidwa kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, pakuti mankhwala amatenga nthawi kutha m'thupi, munthu amaoneka bwino kwa masabata kapena miyezi, aliyense n'kuchitira umboni, ndipo matenda akabwerera palibe amene amakumbukira tsiku limene mapiritsi anatayidwa.

Chithandizo cha akatswiri m'Malawi chimapezeka ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, koma odwala ambiri amathandizidwa ndi anamwino ndi madokotala a pa zipatala za m'maboma. Imeneyi ndi njira imene WHO yakhala ikulimbikitsa kuyambira 2008 kudzera mu ndondomeko ya mhGAP, yophunzitsa ogwira ntchito wamba za umoyo kuzindikira ndi kuchiza matendawa pafupi ndi kwawo kwa wodwala. Chopinga chachikulu ndi kusowa kwa mankhwala nthawi zina, chifukwa mankhwala amene phindu lake limadalira kumwa mosadukiza amawonongeka ntchito yake akasowa mwezi umodzi. Banja silingathe kudzaza mashelefu a ku famase, koma lingathe kupita kukatenga mankhwala kudakali mapiritsi a sabata imodzi, kuti ngati kulibe papezeke nthawi yofunsa kwina kapena yoti adokotala asankhe ena olowa m'malo.

Chinanso chimene chili m'manja mwa banja ndi kudziwa dzina la mankhwala. Odwala ambiri akafunsidwa chimene amamwa amayankha kuti ndi kapiritsi koyera kakang'ono ndi kena kachikasu, koma mankhwala amodzi omwewo amabwera ndi maonekedwe osiyana malinga ndi kampani imene yawapanga, ndipo mapiritsi ofanana maonekedwe amatha kukhala osiyana mphamvu, monga haloperidol wa 1.5 mg ndi wa 5 mg. Dzina, mlingo, tsiku limene anayamba kumwa, tsiku la jakisoni womaliza ndi vuto lililonse limene mankhwala ena anabweretsapo ziyenera kulembedwa momveka m'kabuku ka kuchipatala, ndipo gadiyani amene ali ndi foni ajambule tsamba limenelo, kuti kabukuko kakanyowa kapena kutayika wachipatala wa kwina apitirize pomwe mnzake analekezera.